Kuwala Kulowe, Dzuwa Litsale Panja

Mu Disembala kuno ku Manchester kumacha 8 koloko itapitirira, ndipo 4 koloko ya madzulo isanakwane mdima umakhala utagwa kale. M'maola ochepa a masanawo dzuwa silikwera. Limangodutsa m'munsi chakum'mwera, kuseri kwa nyumba zazitali, ndipo masiku ambiri silioneka n'komwe chifukwa cha mitambo yotuwa imene imaphimba mzinda wonse. Munthu wobadwira m'dera la Mfumu Yaikulu Kabudula, amene anakula akudziwa nthawi poyang'ana mthunzi wake pansi, zimenezi zimamudwalitsa mtima. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku. Ndikaweruka m'mawa kunja kumakhala kudakali bii, ndikagonako pang'ono n'kudzuka ndimapeza kwayambanso kuda. Choncho tsiku lopuma ndimakwera tramu kupita ku St Peter's Square, kukakhala m'chipinda chowerengeramo cha Manchester Central Library, pakuti mmenemo ndi mmene kuwala kochepa kwa tsikulo kumasonkhana.

Nyumbayi ndi yozungulira. Amene anaijambula ndi E. Vincent Harris, ndipo Mfumu George V inaitsegula mu 1934. Mu 2010 anaitseka kuti aikonze, n'kudzaitsegulanso mu Malichi 2014. Pokonzapo anasintha zambiri m'zipinda zapansi, koma chipinda chachikulu chowerengeramo, chimene chili pamwamba, anachibwezera maonekedwe ake akale: matebulo aatali athabwa otambasuka kuchokera pakati, mizati kuzungulira khoma, wotchi pakatikati, ndi denga lalitali lobulungira limene pansonga pake pali galasi loyang'ana kumwamba. Kuwala kumalowera pamenepo, kumamwazika m'denga lonse, n'kutsikira pa mabuku mofatsa, kosathobwa m'maso. Ndikakhala mmenemo ndimaona ophunzira a mitundu yonse atawerama pa mabuku awo, ndipo posakhalitsa maganizo anga amakhala atafika kwathu ku Nsaru.

Chandichititsa kulemba izi ndi nkhani imene yakhala ikuyenda pagulu lathu la WhatsApp. Ndife anthu amene tinaphunzira pa sekondale ina yoyendera kwathuko. Ena ali ku Lilongwe, ena ku Johannesburg, ena kuno, ambiri ali kumudzi komweko. Tinagwirizana zosonkha ndalama zokonzera kachipinda ka mabuku ka pasukulupo, kamene denga lake linkadontha ndipo chiswe chinali chitadya mafelemu. Mutu umodzi susenza denga, ndiye aliyense anaponya kangachepe, malata atsopano n'kugulidwa. Kenaka panabwera ganizo lakuti khoma lakumadzulo, limene layang'ana kumsewu, ligumulidwe pakati aikepo zenera lalikulu lagalasi, kuti odutsa aziona kuti pasukulu pathu pali laibulale yamakono. Mnzathu wina anatumiza zithunzi za malaibulale a m'maiko ozizira, agalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, n'kulemba kuti: "Achemwali muli kunjako, tiuzeni, si mmene zimakhalira?" Ndinayankha kuti ndi mmene zimakhaliradi, koma kuno anthu amasaka dzuwa, pamene kwathu dzuwa ndi limene limasaka anthu.

Kachipindako ndimakadziwa bwino. Sukulu yathu ndi imodzi mwa zija zimene zinali za MCDE, bungwe la maphunziro a patali, n'kudzasanduka sekondale zoyendera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene ana anali atachuluka m'masukulu kutsatira maphunziro aulere a pulayimale a mu 1994. Chaka chimenecho chiwerengero cha ana a pulayimale chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo zaka zotsatira aliyense ankathamangira kuti ana apeze pokhala. Makolo ankaumba njerwa, malata ankakhomedwa, kalasi n'kuyamba. Za kutentha panalibe nthawi yoziganizira. Kachipinda kathuko poyamba kanali kosungiramo makasu, choko ndi madesiki othyoka, mpaka aphunzitsi ena okonda mabuku anapempha ahedi kuti akasandutse mowerengera. Munali mashelefu ochepa, tebulo limodzi lalitali ndi mabenchi. Siling'i munalibe. Mazenera anali aja a mabuloko a ziboo, amene amalowetsa kamphepo koma kuwala kwake kumangogwera pansi timadonthomadontho.

M'masiku athu mayeso a Fomu 4 ankalembedwa nyengo yotentha, ndiye nthawi imene tinkakafunitsitsa kachipindako ndi imene kanali kosakhalika. Ikamakwana 11 koloko malata ankayamba kulira thethethe. Pofika 1 koloko kutentha kunkatsika kuchokera kudenga n'kukukhala pamutu, thukuta likudonthera papepala, zilembo zikuvina m'maso, tulo tikukukoka. Tinkabwereka buku n'kuthawira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bwalo la mpira, aphunzitsi oyang'anira mabuku akutikuwira kuti: "Ana inu, mabukuwo abwere opanda utomoni!"

Komatu Okutobala wotenthayo ndi amene ndikumulira lero. Ndimakumbukira nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa, minda ili mbee, mizere yatsopano itaundidwa kudikira mvula, utsi wa lupsa ukufuka kumadambo, kamvuluvulu akunyamula mapesi ndi mapepala kudutsa pamsika wa Nsaru amayi akuphimba tomato ndi chitenje. Ndimakumbukira akabaza atatsamiritsa njinga pansi pa mtengo, ngolo za ng'ombe zikuchokera kudimba, abambo akuthirira nazale ya fodya mbandakucha ndi madzulo, ndi madzi a mumtsuko umene amayi ankaubisa pakona ya nyumba, ozizira kuposa ongotunga kumene pamjigo. Ndiye tsiku lina mitambo inkasonkhana, mphepo n'kutembenuka, mvula yoyamba n'kugwa pafumbi, fungo lija n'kukwera mudzi wonse, ana tikuvina pabwalo. Kuno mvula sichedwa kugwa, koma ilibe fungo. Ndikamanena kuti tizitchinga dzuwa sindikuyankhula monga munthu wodana nalo. Ndi dzuwa limene linandilera, ndipo ndimalisowa tsiku lililonse. Koma mphamvu zake ndikuzidziwa, ndipo sindifuna kuti mwana wa mng'ono wanga azilimbana nalo nthawi yomwe akulimbana ndi masamu.

Dzuwa la ku Lilongwe lili ndi njira yake, yosiyana ndi la kuno. Dera lathu lili pafupifupi madigiri 14 kum'mwera kwa mzere wa pakati pa dziko lapansi, pamtunda wokwera mamita oposa 1,000. Kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, dzuwa la masana limaima pamutu penipeni, moti mthunzi wa munthu umabisala pansi pa mapazi ake. Pakati pa nthawi ziwirizi limapendekera pang'ono kum'mwera. Miyezi ina yonse limadutsira kumpoto, ndipo mu Juni ndi Julaye limatsika ndithu mbali imeneyo. Kwa womanga nyumba, izi zikutanthauza kuti zenera loyang'ana kumpoto kapena kum'mwera ndi losavuta kuliteteza, chifukwa masana dzuwa limakhala pamwamba, ndipo denga lotulukira kunja mita imodzi limalitchinga m'miyezi yotentha. Zenera loyang'ana kumadzulo lilibe chitetezo chotere. Kukamapita kumadzulo dzuwa limatsika n'kuyang'anizana nalo, limalowa mopingasa pansi pa denga lililonse, ndipo limachita zimenezi mpweya utatentha kale, makoma atamwa kutentha tsiku lonse. Galasi limalola dzuwa kulowa koma kutenthako limakutsekera mkati. Ndipo maola amenewa, ana ataweruka m'kalasi, ndi amene laibulale imadzaza.

Amene anamanga buloko ya sukulu yathu anachita bwino poiyala kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, makoma aatali n'kuyang'ana kumpoto ndi kum'mwera. Khoma lakumadzulo lopanda zeneralo ndi chuma chimene tili nacho kale, ndipo tinatsala pang'ono kulipira mmisiri kuti achigumule.

Zimenezi sindinaziphunzire ku Manchester. Ndinaziona ndili mwana kwa atsibweni anga, amene ankalima fodya wa bale monga alimi ambiri a ku Kabudula, Nsaru, Nambuma mpaka ku Namitete. Fodya wa bale sawotcha ndi nkhuni, amauma ndi mphepo pamthunzi, ndiye mlimi wake aliyense ndi katswiri wa mthunzi. Chigafa cha atsibweni chinali chachitali, chopanda makoma, chofolera ndi udzu wokhuthala umene unkatsika m'mbali mpaka munthu wamkulu kuwerama polowa. Masamba osokedwa ankapachikidwa pa mikangala motalikirana kuti mphepo izidutsa. Dzuwa likawomba tsamba mwachindunji, tsambalo limauma mothamanga n'kuwauka, ndipo likafika ku okushoni ku Kanengo limagwa mtengo. Mphepo ikachepa, limawola. Madzulo atsibweni ankazungulira chigafa ndi mphasa m'manja, kutchinga mbali imene dzuwa likulowera, likapita n'kuichotsa. Nthawi yosankha fodya ankakhala m'mphepete mwa chigafa, pamene pali kuwala kokwanira kusiyanitsa tsamba lofiirira ndi lachikasu koma dzuwa losafikapo. Ankandiuza kuti: "Iwe mwana, padzuwa maso amanama. Khala pamthunzi, kunja kukuwala, ndiye uona mtundu wake weniweni." Wowerenga buku akufuna zomwezo zimene wosankha fodya amafuna: mthunzi pamutu, mphepo yodutsa, ndi kuwala kochokera kuthambo osati kudzuwa lenilenilo. Zimandipweteka kuti makolo amene amadziwa kusamala tsamba la fodya motere amauzidwa kuti pa zomanga sukulu ntchito yawo ndi kuumba njerwa ndi kututa mchenga basi.

Mdani wamkulu ndi denga. Malata a padzuwa la Okutobala amatha kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo kutenthako amakulavulira pansi pa aliyense wokhala mkatimo. Udzu tinausiya pazifukwa zomveka: umafuna kufolera kawirikawiri, umagwira moto, ndiponso wayamba kusowa poti madambo ambiri asanduka madimba. Palibe angauze makolo kuti afolere nyumba ya mabuku ndi udzu. Koma malata opanda siling'i ndi theka la denga. Pafunika zinthu ziwiri pamodzi, chotchinga pakati pa malata ndi mitu ya anthu, ndi njira yoti mpweya wotentha wa pakatipo uzitulukira. Siling'i yotsekedwa mbali zonse imangochedwetsa kutentha, ikakhuta imayamba kukutsitsa, ndipo chipinda chimakhala chofunda mpaka usiku. Choncho pamwamba pa magebulo onse awiri pakhale ziboo, pansi pa malata pakhale mpata, zonsezi zitatchingidwa ndi sefa yawaya kuti mileme isalowe. Aliyense amene anaphunzira kusukulu ya kumudzi akulidziwa fungo la mileme ya m'siling'i, ndipo mabuku akalitenga salitaya. Siling'i imathandizanso m'dzinja. Mvula ya Januwale ikamamenya malata, aphunzitsi ankangosiya choko n'kukhala pansi chifukwa mawu sankamveka. Ndipo utoto woyera pamwamba pa malata umabweza gawo lalikulu la dzuwa lisanalowe n'komwe.

Pagulu paja ndinatumiza zithunzi zanga, osati za kuno koma za ku Gando, mudzi wa ku Burkina Faso. Kumeneko kunabadwira mmisiri Francis Kéré, amene ali mwana anaphunzira m'kalasi lotentha ndi lamdima, kenaka n'kukaphunzira zojambula nyumba ku Berlin. Mu 2001, mothandizana ndi anthu a m'mudzi mwake, anamaliza sukulu ya pulayimale ya njerwa zadothi. Malata anawaika, koma anawakweza pamwamba pa zitsulo, kusiya mpata waukulu pakati pa iwo ndi siling'i yanjerwa, n'kuwatulutsa kunja kuti aphimbe makoma. Mphepo imadutsa mumpatamo n'kupita nako kutentha. Sukuluyi inalandira mphoto ya Aga Khan mu 2004, ndipo mu 2022 Kéré anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Pritzker, imene amisiri ojambula nyumba amaiyesa yaikulu koposa. Pomanga laibulale ya sukuluyo anatenga mitsuko yadothi youmbidwa m'deralo, kuidula, n'kuiika m'siling'i kuti m'ziboo zake muzilowa kuwala ndi kutuluka mpweya wotentha. Ndinkafuna anzanga aone kuti dziko lonse linaombera m'manja nyumba yadothi ndi malata, yomangidwa kumene kumatentha kuposa kwathu.

Ngakhale kwathu komweko zitsanzo zilipo. Chidikiro cha amayi oyembekezera cha pachipatala cha boma ku Kasungu, chimene anajambula a MASS Design Group n'kutha mu 2015, ndi cha mabuloko adothi osindikiza ndi madenga otambalala, moti amayi amakhala pamthunzi mphepo ikuwapeza. Nyumba zakale za mishoni zinkamangidwa ndi makoma okhuthala, denga lalitali ndi khonde. Aliyense amene anadikirirako wodwala ku St Gabriel's ku Namitete, chipatala chimene masisitere a Carmelite ochokera ku Luxembourg anayambitsa mu 1959, akudziwa kuti masana munthu amapulumukira pakhonde. Ngakhale nyumba ya agogo anga, ya mdindo, inali ndi khonde kuzungulira, ndipo dzuwa silinkaligwira khoma lake kufikira litapendeka. Khonde tinalitaya posachedwapa, pamene malata anakwera mtengo n'kuyamba kuwadula ndendende pakhoma.

Koma kuthawa kutentha sikutanthauza kukhala mumdima, ndipo apa anzanga ofuna galasi anali ndi mfundo. Mabuloko a ziboo aja ankavutitsa maso a ana ambiri. Mitambo ya Januwale ikada, pakati pa chipinda sunkatha kuwerenga zilembo zing'onozing'ono za m'dikishonale. Ndiye mazenera akule ndithu, koma akule kumpoto ndi kum'mwera, ndipo akulire chokwera, chifukwa kuwala kolowera pamwamba kumafika mkati mwenimweni pamene kolowera m'munsi kumathera pafupi ndi khoma. Akhale a magalasi opendeketsa aja amene umatha kutsegula pang'ono kapena kwambiri, ndipo ayang'anizane, kuti mphepo yolowa mbali ino ipeze potulukira mbali inayo. Zitsulo zoteteza akuba zikhalepo, kuti usiku wa miyezi yotentha magalasi apamwamba azisiyidwa otsegula, makoma ndi simenti yapansi zizizire, m'mawa ana apeze chipinda chitapuma. Makoma ndi siling'i zipakidwe laimu. Laimu ndi wotsika mtengo, koma amachulukitsa kuwala kumene kwalowa, pamene utoto wakuda umakumeza. Matebulo aikidwe moti kuwala kuzibwera cham'mbali. Mwana woyang'anizana ndi zenera amathobwedwa m'maso, ndipo wofulatira zenera amadzitchingira buku ndi mthunzi wake.

Malata owala aja, amene amisiri amakonda kuika awiri kapena atatu pakati pa denga, ndimawakayikira. Amawalitsadi, koma amagwetsa chigamba cha dzuwa chimene chimayenda m'chipinda tsiku lonse, ndipo amene chamupeza amasamuka. Pakapita zaka amachita chikasu n'kuyamba kung'aluka. Ngati tiika siling'i, ntchito yawo yatha.

Mabuku nawo amavutika ndi dzuwa mofanana ndi anthu. Limawaula zikuto, limaumitsa guluu, masamba n'kuyamba kuthothoka. M'dzinja chinyezi chimabweretsa chuku, ndipo chiswe chimakwera mwakachetechete kuseri kwa shelefu yogunda khoma. Mashelefu atalikirane ndi khoma pang'ono, akhale ndi miyendo yachitsulo, ndipo aime kukhoma lakumadzulo lopanda zeneralo, kumene dzuwa silingawaone. Buku silifika ku Kabudula mosavuta. Bungwe la National Library Service, limene linayamba ntchito mu 1968, lili ndi dziko lonse loti ligawire, ndipo buku limodzi la sayansi limadutsa m'manja mwa ana ambirimbiri lisanapume. Ndikaganiza za mtengo wa kachipinda kotere ndimakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002 anapeza buku lotchedwa Using Energy m'kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi. Kuchokera kwathu kupita ku Wimbe si ulendo wautali. Ana otere aliponso ku Mpingu, ku Nambuma ndi m'midzi yozungulira Nsaru, ndipo ambiri a iwo kunyumba alibe tebulo kapena nyali yowala bwino. Ife tinkawerengera koloboyi, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye. Kwa mwana wotero, maola a masana a m'laibulale ndiwo nthawi yokhayo yowerenga mwamtendere, ndipo kutentha kukamulanda maola amenewo kwamulanda zambiri.

Mnzathu wina wa mu Lilongwe anati tingogula mafani, nkhani ithe. Mafani ndi abwino pamene pali magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse m'Malawi ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ngakhale kumene mawaya anafika, tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Sola yaing'ono yoyatsira mababu madzulo ndi yabwino, ndipo tidzaifuna. Koma nyumba iyambe yadziziziritsa yokha, fani idzabwere kudzathandizira.

Kunonso ndinaona malire a galasi. Pa 19 Julaye 2022 kutentha kunafika madigiri 40.3 ku Coningsby, koyamba m'mbiri ya dziko lino kupitirira 40. Nyumba za kuno anazimanga kuti zizisunga kutentha, ndipo tsiku limenelo zinakusungadi. Kuntchito kwathu okalamba ankapuma movutikira m'zipinda za mazenera aakulu. Ine ndi mnzanga wina wa ku Zimbabwe tinachita zimene amayi athu ankachita: kutseka makatani a mbali yadzuwa kuyambira m'mawa, kupachika nsalu zonyowa, kumwetsa agogo aja madzi pafupipafupi, ndi kutsegula mazenera usiku kukazizira. Agogo ena aakazi anandigwira dzanja n'kundifunsa kumene ndinaphunzira zimenezi. Ndinawauza za amayi, za mtsuko wa pakona, za khonde la agogo anga, ndipo ndikulankhula choncho misozi inalengeza, pakuti ndinali ndisanatchule zinthu zimenezi mokweza kwa nthawi yaitali.

Tisaiwalenso kuti kwathu kumazizira. Mu Juni ndi Julaye usiku umatha kutsika pansi pa madigiri 10, ana amafika pasukulu milomo itauma, manja atabisa m'khwapa. Nthawi imeneyo dzuwa limakhala litatsikira kumpoto, ndipo denga lotulukira mita imodzi lija limalola kuti m'munsi mwa khoma lakumpoto muwombe dzuwa n'kufunditsa chipinda. Magalasi opendeketsa amatsekeka, chimene mabuloko a ziboo sankatha, moti mphepo yozizira inkangolowa mmene ikufunira. Denga lomwelo limene limatchinga mu Okutobala limalola mu Juni, popanda munthu kukhudza kanthu.

Za mitengo tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa apa aliyense anali ndi chonena. Kumadzulo kufunika mtengo wa masamba othithikana, ndipo mango sagonja, bola abzalidwe patali ndithu kuti mizu isasokoneze maziko ndiponso nthambi zisagwere denga. Achimwene anga, amene amalima mtedza ndi soya kumudzi, anatchula msangu. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe losiyana ndi inzake: umayoyola masamba m'dzinja, n'kuphuka nyengo yachilimwe. Alangizi a zaulimi amaulimbikitsa m'minda chifukwa suphimba chimanga ndipo masamba ake amawonjezera chonde. Pafupi ndi laibulale ungapereke mthunzi mu Okutobala, n'kulola kuwala mu Januwale kukada mitambo. Vuto lake ndi minga, ndiponso umachedwa kukula, moti ana amene ali Fomu 1 lero sadzaukhalira pansi. Podikira mitengoyo, amayi a m'komiti ya sukulu anati adzazika nsungwi kumadzulo n'kuyanzikapo magalagadeya, amene amaphimba msanga ndipo zipatso zake ana adzadya.

Zenera lakumadzulo linakanidwa, ngakhale ena sanakondwe, ndipo ndikuwamvetsa. Munthu amene waponya ndalama yake amafuna chinthu chooneka kumsewu. Tinagwirizana kuti pakhomalo palembedwe dzina la laibulale ndi zilembo zazikulu, ana a pasukulupo ajambulepo okha. Ndalama ya galasi lalikulu ija ipite ku siling'i, ngakhale sikukwana chipinda chonse, ndipo tikusonkhanso mwezi ukatha. Chotsala ndi kutalika kwa denga. Malata anagulidwa kale pa muyeso wakale, ndiye kuti atulukire kunja mita imodzi pafunika kuwonjezera mzere wina mbali zonse ziwiri, ndi matabwa ake. Mmisiri akuti zitheka koma akufuna yankho asanakagule matabwa tsiku la msika.

Achimwene anandiimbira Lamlungu, ataima pakhomo pa kachipindako, mbuzi zikulira kumbuyo kwawo, mwana wina akuwafunsa ngati akulankhula ndi azakhali a kunja. Anati: "Mlongo, mita imodziyi ndi ndalama zambiri. Theka silingakwane?" Ndinawapempha kuti adikire mpaka 12 koloko, atenge nsungwi yotalika mita imodzi, aigwirizitse pamwamba pa khoma lakumpoto, aone pamene mthunzi wake ukuthera, kenaka achite chimodzimodzi ndi ya theka, ndipo aitane ahedi ndi mmisiri adzaone okha. Anati atero Lachiwiri, akachoka kudimba.